Pampu inkalirabe, makiyi ali m'thumba mwanga

Pali phokoso lina limene mpaka lero ndikalimva mtima umandithamanga. Si lalikulu ayi. Ndi kulira kwa pampu ya petulo pansi pa galimoto, chakumbuyo, kung'ung'udza ngati njuchi imene yatsekeredwa m'botolo. Kwa zaka zambiri kulira kumeneku kunkandisangalatsa, chifukwa ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto, ndipo galimoto yokanika kulira ikangomveka pampu, umadziwa kuti theka la ntchito latha. Koma Loweruka lina masana ndinaimva ikulira injini itazima kale, makiyi ali m'thumba mwanga, mwana wanga ali m'galimotomo.

Galimoto ya madala

Galimoto yake ndi Porsche 944 ya 1986, yofiira, penti itayamba kufwifwa pa denga. Inali ya bambo wina wachikulire amene ndinkamukonzera magalimoto ndi geti la magetsi kuno ku Joni. Inakhala zaka zinayi itavindikiridwa ndi lona pakhomo pake. Pamene ana ake anamuuza kuti asamukire kufupi ndi iwo, anandiitana n'kundifunsa ngati ndingaitenge, ndizilipira pang'onopang'ono. Anangondipempha chinthu chimodzi, kuti ndisaiphwasule n'kugulitsa masipeya.

Anthu akamva dzina lakuti Porsche amaganiza za anthu achuma. 944 sinali ya mabwana enieniwo. Inapangidwa kuyambira 1982 mpaka 1991, zambiri mwa izo ku fakitale ya Audi ku Neckarsulm, ndipo inali khomo lolowera kwa amene sakanakwanitsa 911, Porsche yodula kuposa iyi. Injini yake ndi ya masilinda anayi, malita 2.5 pa yangayi, ili kutsogolo, pomwe giyabokosi ili kumbuyo kuti kulemera kugawanike bwino. N'chifukwa chake pokhota imagwira msewu mokoma chonchija. Nyali zake zimabisala, ukayatsa zimadzuka. Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anaitcha galimoto yophethira, ndipo dzinalo linakhala lomwelo pakhomo pathu.

Ndinatha miyezi isanu ndi itatu ndikuidzutsa, madzulo ndikaweruka ndi Lamlungu tikachoka ku tchalitchi. Malamba a injini, mabuleki, thanki kutsuka, mapulagi, batire. Mapayipi a rabara a petulo ndinawayang'ana, ndinawafinya ndi chala, n'kunena kuti adikire kaye mwezi wamawa.

Kuzima kopanda chenjezo

Itayamba kuyenda, inayamba khalidwe lina. M'mawa inkalira kamodzi n'kamodzi. Koma ikayenda mtunda, itatentha, inkangozima ngati wina wazimitsa dala. Osatsokomola, osanjenjemera. Ukadikira mphindi makumi awiri, n'kulira ngati sipanachitike kanthu.

Tsiku limene inakaniratu tinali pa msewu wa R511, tikuchokera ku damu la Hartbeespoort. Ndinaikokera m'mbali. Sitata ikuzungulira bwinobwino, kamuvi kosonyeza liwiro la injini kakudumphadumpha pang'ono, kusonyeza kuti masensa a pa flywheel, chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwa injini, akuona kuti injini ikuzungulira. Ndinapempha mayi a kunyumba kuti apotoze kiyi, ine nditagwada kumbuyo khutu lili pafupi ndi thanki. Zii. Pampu osalira.

Ndinatsegula boneti, n'kuvundukula bokosi la mafyuzi lili chapafupi ndi galasi lakutsogolo. Fyuzi ya pampu inali yamoyo. Ndinagogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva pa kabokosi kakuda ka pa malo olembedwa G5, monga ndinkachitira masiku ena, koma ulendo uno sikanamve. Aliyense amene anakhalapo ndi 944 amakadziwa kabokosi kameneka. Amakatcha DME relay.

Ndinakazula. M'chikwama cha zida ndinali ndi zidutswa za waya ndi timitu tamawaya tophwatalala. Ndinapanga waya wa nthambi zitatu, n'kulowetsa m'mabowo a nambala 30, 87 ndi 87b. Nthawi yomweyo pampu inalira. Ndinapotoza kiyi, injini inadzuka, tinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Mkazi wanga anati, "Koma abambo, manja anuwa ndi odalitsika." Ndinamva kukoma, sindibisa.

Zimene zili m'kati mwa kabokosiko

Ndifotokoze pang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa, ndipo ngakhale anzanga ena a ntchito yomweyi amakaona ngati relay wamba.

Relay wamba ndi switchi imene imatsegulidwa ndi magetsi ochepa kuti idutsitse magetsi ambiri. M'kati muli koyilo ya waya wopyapyala. Magetsi akadutsamo imasanduka maginito, n'kukoka kachitsulo kuti kagunde chinzake, magetsi aakulu n'kudutsa. Manambala a pa miyendo yake anachokera ku Germany, pa dongosolo lotchedwa DIN 72552. Nambala 30 ndi magetsi ochokera ku batire, amene amakhalapo usana ndi usiku, kiyi ilipo kapena palibe. 85 ndi 86 ndi za koyilo. 87 ndi kotulukira, ndipo pa galimoto iyi 87b ndi kotulukira kopita ku pampu.

Ya mu 944 ndi ma relay awiri m'chikopa chimodzi, ndipo ili ndi miyendo isanu ndi umodzi. Ukapotoza kiyi, yoyamba imatseka n'kupereka magetsi ku kompyuta ya injini, Bosch Motronic, imene a Porsche amaitcha DME, pamodzi ndi ma injector, tizida topopera petulo mu injini. Yachiwiri, ya pampu, imakhala chete. Imadikira chilolezo cha kompyutayo kudzera pa mwendo wa 85b, ndipo kompyuta siipereka chilolezocho pokhapokha itaona kuti injini ikuzunguliradi. Injini ikaima, chilolezo chimachotsedwa, pampu n'kuima.

Anachita zimenezi chifukwa cha ngozi. Galimoto ikagunda kapena kugubuduzika, woyendetsa n'kukomoka, kiyi imakhala idakali poyatsa. Payipi ikang'ambika pamenepo, pampu yosadziwa kanthu ingapitirize kulavula petulo mpaka thanki kuuma. Pampu zimenezi si zamasewera ngati za magalimoto a kabuleta. Pa injini iyi petulo amafika ku ma injector ndi puresha ya mabaa 2.5, ndipo payipi ikakhala yotsegula pampuyo imadzaza botolo la lita mphindi isanathe.

Waya wanga wa nthambi zitatu uja anachotsa zonsezi. Anatenga magetsi pa 30 n'kuwapereka ku pampu mwachindunji. Kuzimitsa kiyi kunkazimitsa injini, chifukwa moto wa mapulagi umadalira kiyi, koma pampu inkapitirira. Ndinkadziwa. Ndikanati sindinkadziwa ndikanakhala ndikunama.

Masabata atatu

Waya ameneyu anakhala m'galimoto masabata atatu. Ndikafika komwe ndikupita, ndinkatsegula boneti n'kumuzula. Ponyamuka ndinkamubwezera. Zinasanduka chizolowezi ngati kukhoma chitseko.

Chifukwa chake chinali ndalama, komanso mtima wina umene ndinakula nawo. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga ku Ndirande, pansi pa mtengo, ndi tesita ya babu ndi waya. Kumeneko sipeya ikasowa galimoto siigona. Fani ya radiyeta ikavuta timaipanga dairekiti. Switchi ikapsa timadutsitsa waya. Luso limeneli ladyetsa mabanja ambiri, ine ndemwe linandiphunzitsa sukulu, ndipo sindidzalinyoza. Koma limakusiyira maganizo akuti chilichonse chimene ungachidumphe ndi waya chinali chosafunika kwenikweni. Nditafunsa mtengo wa relay yeniyeni n'kuumva, ndinati kabokosi kochepa ngati ka machesi sikangadye ndalama ya chakudya cha masiku angapo. Ndinati ndifufuza yotchipa. Ndinkafufuzadi, koma mosafulumira, popeza galimoto inkayenda.

Loweruka lija

Ndinatenga mwana kupita naye kokagula nsapato za sukulu. Kunali kotentha, kwa mu Novembala. Pobwera, ndikulowa pageti, foni inalira. Anali achemwali anga kumudzi, za mayi athu amene anali atagonekedwa m'chipatala sabata imeneyo. Ndinazimitsa galimoto, ndinazula makiyi, ndinatuluka foni ili kukhutu, n'kuyenda mpaka kuseri kwa nyumba komwe netiweki imagwira bwino. Mwana anatsala m'galimoto. Ankakonda kukhala pa mpando wa dalaivala, atagwira chiwongolero, akuyendetsa ulendo wake wa m'mutu.

Sindikudziwa kuti ndinayankhula mphindi zingati. Chimene ndinamva ndi mawu a mkazi wanga ali pakhomo la khitchini.

"Abambo! Petulo akununkhayu ngwakuti?"

Amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha, ndipo analimva ndi mayi amene anali kutsuka mbale.

Nditazungulira nyumba ndinayamba kumva pampu, kenako ndinaona pansi. Kuchokera kumunsi kwa injini, petulo anali kuyenderera pa simenti, kanjira konyezimira kolowera ku geti. Pansi pa boneti pankamveka kuti tsiii, ngati mpope wa m'dimba wabooka. Ekizozi inali ikuthetheka, kulira kuja chitsulo chimachita chikamazizira. Kuseri kwa mpanda aneba anali kuwotcha nyama, utsi wa makala ukudutsa pamwamba pa galimoto. Ndipo pagalasi ndinaona kamutu ka mwana wanga, akuimba.

Ndinatsegula chitseko n'kumunyamula osanena kanthu. Nsapato yatsopano imodzi inagwera pansi pa mpando. Ndinamupereka kwa mayi ake n'kuwauza kuti athamangire kumsewu, akauze aneba athire madzi pa makala.

Dzanja langa linapita lokha pa chotsegulira boneti, kuti ndikazule waya uja. Ndinaima. Waya amene akudutsa magetsi a pampu, ukamuzula amathetheka, kamoto kabuluu kakang'ono kamene ndakaona kambirimbiri. Ndipo bokosi la mafyuzi lili pansi pa boneti pomwepo, pomwe panali patadzaza mpweya wa petulo. Mwayi wanga unali wakuti pa galimoto yangayi batire lili kumbuyo, m'buti. Ndinatenga sipanala m'thumba la chitseko, ndinathamangira kumbuyo, manja akunjenjemera moti sipanala inaterereka kawiri pa nati. Kachitatu inagwira. Ndinazula waya wa negetivu.

Pampu inaleka. Tsiii uja anapitirira pang'ono, akuchepa, mpaka anatha.

Ndinakhala pansi pa simenti, msana uli pa tayala. Mneba anabwera ndi ndowa ya mchenga. Tinadikira mpaka injini itazizira ndithu tisanatsegule boneti. Kapayipi kakafupi ka rabara ka pamwamba pa injini, pafupi ndi chitsulo chogawira petulo ku ma injector, kanali katang'ambika m'mbali mwa pomangira, mng'alu wotalika ngati chikhadabo. Kanali kamodzi mwa mapayipi aja ndinawauza kuti adikire mwezi wamawa.

Payipiyo ikanang'ambika ndithu, relay ilipo kapena palibe. Zimenezo ndimavomereza. Koma relay ikanakhalapo, petulo akanatuluka wochepa, wongotsala m'mapayipi, n'kuleka. Amene anatayika tsiku lija anali malita.

Usiku wake

Mkazi wanga sanakalipe. Mwana atagona, anakhala pamphepete pa bedi n'kufunsa modekha.

"Kanthu kaja munkati mukufufuzaka, ndi ndalama zingati?"

Ndinawauza.

"Basi?"

Sanawonjezere mawu ena. Anadzuka n'kukazimitsa nyali.

M'mawa mwake ndinaimbira amalume. Akalamba tsopano, maso sakuonanso bwino mawaya, koma mutu ukadali wakuthwa. Ndinawafotokozera zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, dairekiti ndinakuphunzitsa ndine. Koma ndinkati ngwofikira kunyumba. Sindinanene kuti ukhale naye." Ndinayesa kukumbukira ngati anandiuzapodi zimenezo ndili mnyamata. Ndikhulupirira ananena. Ine ndinasunga theka lokoma.

Ndinakatsegula kakale kaja

Ndisanagule chilichonse ndinafuna kuona chimene chinafa. Chikopa chake chimachoka ukatokosa timano ta m'mphepete. M'kati muli kabolodi kakang'ono, makoyilo awiri atakhala pamwamba pake. Ndi maso okha sindinaone cholakwika. Nditaika galasi lokulitsa zinthu, pansi pa nyali, ndinauona: mzere wopyapyala ngati tsitsi, wozungulira mwendo umodzi pamene unawotchereredwa ndi mtovu. Mtovuwo unali wotuwa, wosawala.

Ndiye matenda ake amenewo. Makoyilo ndi olemera poyerekeza ndi kabolodiko, ndipo chimene chawagwira ndi mtovu womwewo. Zaka makumi atatu ndi kuposa za kutentha, kuzizira ndi kugwedezeka zimausweka pang'onopang'ono. Kukazizira mbali ziwirizo zimagundana, galimoto n'kulira. Kukatentha zitsulo zimafutukuka, mng'alu n'kutseguka, galimoto n'kuzima. Kugogoda kuja ndinkachita kunkangogwedeza mng'aluwo kuti ugundane kwa kanthawi.

Kusankha

Apa ndiye ndinatenga nthawi, galimoto itaima batire lili lochotsa.

Mnzanga wina wa kuntchito anandibweretsera relay wamba ya miyendo isanu, imene timaika pa nyali ndi mahutala, n'kunena kuti tingoisinthira mawaya. Ndinakana. Ndi relay imodzi yotere ukhoza kuyendetsa pampu kuchokera pa kiyi, n'zoona, ndipo pampu izizima ukazimitsa kiyi. Koma pa ngozi kiyi sazimitsa munthu. Ndikanangosamutsa vuto lija kuchoka pakhomo panga kupita nalo pamsewu. Kuti zikhale bwino pangafunike ma relay awiri olumikizidwa monga momwe analumikizira eni ake, ndipo kudula mawaya a bokosi la mafyuzi la galimoto ya zaka zimenezi n'kumusiyira msampha amene adzaikonze pambuyo panga.

Yakale ya ku sikirapu ndinaipeza mosavuta, yotchipa. Ndinaigwira m'manja n'kuibweza. Inali ya msinkhu umodzi ndi yanga. Mtovu wake wadutsa m'zilimwe zomwezo.

Pa intaneti panali zambiri zatsopano zopanda dzina la wozipanga, pa mtengo wochepera theka la yeniyeni. Ndinaitanitsa imodzi kuti ndione. Miyendo inali m'malo mwake, manambala olondola. Koma inali yopepuka m'manja, ndipo nditaitsegula tizitsulo togundana tija tinali tating'ono kuposa ta yakale, miyendo yopyapyala moti m'bowo inkalowa mosagwira. Mwendo wosagwira bwino umatentha, ndipo kutentha kumeneko kumawononga bowo la m'bokosi la mafyuzi, chinthu chovuta kwambiri kuchipeza kuposa relay. Sindikunena kuti zonse zotchipa zili choncho. Ndikunena za imene ndinaitsegula ine. Koma ngati sungaitsegule usanagule, ukugula chinthu chimene sukuchidziwa kuti chikagwire pampu ya petulo.

Imene inandikopa kwambiri ndi ya makono, yopanda makoyilo ndi tizitsulo togundana, imene imagwiritsa ntchito ma transistor. Amazipanga anthu okonda magalimoto amenewa, makamaka ku America. Mulibe choyenda, mulibe cholemera choti chiswe mtovu. Zina zili ndi timagetsi tosonyeza mbali imene ikugwira ntchito, zimene munthu wa ntchito yanga sangazinyoze. Ndipo zimasunga lamulo lija, injini ikaima pampu imaima. Zina mwa izo zimayendetsa pampu masekondi ochepa ukangopotoza kiyi, kuti puresha ikwere injini isanazungulire. Ambiri amazikonda chifukwa cha chimenechi, popeza galimoto imalira msanga.

Ine chimenecho n'chimene chinandibweza. 944 yabwinobwino imasunga puresha m'mapayipi ikazima. Ngati ikuchedwa kulira m'mawa chifukwa puresha yathawa, pali chimene chikudontha: kavalavu ka pa pampu, regulator (chowongolera puresha), injector, kapena payipi. Ndikufuna galimoto izindiuza zimenezo. Sindikufuna chida chondibisira. Komanso, nditadutsa m'zimene ndinadutsamo, sindinafune kumvanso pampu ikulira injini ili chete, ngakhale kwa masekondi atatu. Apa ndikuvomera kuti ndi mtima unasankha, osati mita. Amene anaika yamakonoyo sanalakwe. Kuwonjezera apo inali yodula kuposa zonse ukaphatikiza kutumiza ndi msonkho, ndipo ikafa panjira sungaitsegule n'kuiwotcherera.

Ndinagula yeniyeni. Pali kanthu kena kosokoneza apa kamene ndikufuna eni magalimoto amenewa akadziwe. Pa relay yanga yakale panalembedwa 944.615.227.00. Imene anandipatsa nambala yake inayamba ndi 993.615.227. Ndinayamba kukana, ndimati andipatsa ya galimoto ina. Si choncho. A Porsche anagwiritsa ntchito relay yomweyi pa 924S, pa 968, mpaka pa 911 ya mtundu wa 993 ya m'zaka za m'ma 1990, ndipo nambala yatsopanoyo inalowa m'malo mwa yakale. Koma dzina lakuti DME relay lisakupusitseni. Ya 911 Carrera 3.2 ya m'ma 1980 imatchedwanso choncho koma ndi ina, maonekedwe ndi miyendo yomwe. Ya 924 wamba nayonso ndi ina, chifukwa galimoto imeneyo ilibe Motronic. Pitani ndi yakale m'manja, muyerekeze chithunzi cha mawaya chimene chajambulidwa pachikopa, muwerenge miyendo.

Ndipo ngati yanu ndi ya zaka zoyambirira, isanasinthidwe dashibodi pakati pa 1985, musavutike kuifuna pansi pa boneti. Ma relay ake ali m'kati, pansi pa dashibodi.

Zimene ndinachita ndisanaiike

Relay yatsopano pa pampu yodwala ndi ndalama yotaya. Pampu ikakalamba, kapena sefa ya petulo ikatsekeka, imakoka magetsi ochuluka, ndipo onsewo amadutsa pa tizitsulo tija n'kutiwotcha. Ndinasintha sefa. Ndinasintha mapayipi onse a rabara a m'chipinda cha injini, onse, ndi payipi yopangidwira puresha ya ma injector, osati ya kabuleta imene imaoneka chimodzimodzi pa shelefu. Ndinatsuka mabowo a G5 ndi kufinya timilomo take kuti tigwire mwendo molimba. Ndinatsuka pomwe mawaya a negetivu amagwira thupi la galimoto. Kenako ndinayeza magetsi amene pampu ikukoka, n'kupeza kuti ali bwino, kutali ndi malire a fyuzi yake.

Yakale ija sindinaitaye. Ndinachotsa mtovu wakale pa miyendo yonse, ndinawotcherera watsopano, ndinaiyesa pa benchi ndi batire ndi babu, mbali zonse ziwiri. Ndinaikulunga m'kansalu n'kuiika m'kabokosi ka pa dashibodi. Ikadzafa yatsopanoyi panjira, cholowa m'malo mwake ndi relay inzake.

Waya wa nthambi zitatu uja ndinamuchotsa m'galimoto. Ali kuntchito, m'dirowa ya zida zoyezera, ndipo ndinamumangirira kansalu kofiira kotalika ngati mkono, koti boneti singatsekeke iye ali m'kati. Poyeza galimoto ya kasitomala ndimamugwiritsabe ntchito, ndili chiimire pomwepo, chozimira moto chili pambali.

Kuyesa

Tsiku loiika linali Lamlungu madzulo. Mkazi wanga anaima pakhomo la khitchini, mwana atamugwira dzanja. Sanafune kuti ayandikire, ndipo sindinawakakamize.

Ndinakankha relay m'malo mwake mpaka inakhala pansi. Ndinabwezera waya wa batire. Kumbuyo kunali zii. Ndinalowa, ndinapotoza kiyi kufika poyatsa, ndinamva kuti tha kamodzi pansi pa boneti. Kumbuyo kunali ziibe. Ndinaliza sitata. Inazungulira nthawi yotalikirapo chifukwa mapayipi atsopano anali opanda kanthu, kenako injini inagwira, pampu ikung'ung'udza pansi pake.

Ndinaisiya itenthe, ndikuyendetsa chala pa mfundo iliyonse ya payipi n'kuchinunkhiza. Mouma monse.

Panatsala chinthu chimodzi chimene ndinkafuna kuona ndi maso anga. Ndinakoka handibuleki mwamphamvu, ndinaponda buleki, ndinalowetsa giya yachitatu, n'kusiya kilatchi mwadala. Galimoto inagwedezeka n'kuzima. Kiyi ndinaisiya poyatsa, magetsi ofiira a pa dashibodi akuwala. Ndinatsitsa galasi n'kutchera khutu kumbuyo.

Mkazi wanga anafunsa ali patali pomwepo. "Yawonongekanso?"

"Ayi. Tamverani."

Anamvetsera. Kunkamveka wailesi ya aneba ndi galu wa kutsidya kwa msewu.

"Sindikumva kanthu."

Ndinabwereza kachiwiri, n'kachitatu. Kenako mwana anasiya dzanja la mayi ake, anabwera mpaka pachitseko, n'kundifunsa ngati nsapato yake ija idakali pansi pa mpando.